ZA UMOYO M'BANJA: Kachirombo Kogona Ngati Mbeu za Kaufiti

Mwezi uno tiri ndi funso limene likusautsa mabanja ambiri momwe muli munthu wakumwa mankhwala a ma ARV. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 16 amene adabadwa ndi kachirombo ka HIV, ndipo wakhala akumwa mapiritsi tsiku ndi tsiku chiyambire ukhanda wake. Tsiku lina wabwerako kuchipatala ali wokondwa, pakuti adokotala amuuza kuti m'magazi mwake kachirombo sikakuonekanso. Madzulo, nthaŵi yakumwa piritsi itakwana, iye afunsa amai ake kuti, "Amai, ngati kachirombo sikakuoneka, nanga mankhwalaŵa ndikumwerabe chiyani?"

Funso limeneli si lachibwana, ndipo kholo loyankha mokalipa kuti "Uzingomwa basi" silinathandize mwana wake. Anthu ophunzira kwambiri a m'maiko osiyanasiyana akhala akulimbana ndi funso lomweli kwa zaka pafupifupi 30. Yankho lake n'lakuti kachirombo sikadathe, kangogona. Tifuna tifotokoze kumene kagona, zimene akatswiri akuchita pofuna kukachotsa kumeneko, ndiponso zimene banja liyenera kuchita podikira.

PHUNZIRO LA M'MUNDA

Aliyense amene adalimapo chimanga pa nthaka yoguga amadziŵa kaufiti, kaudzu ka maluŵa ofiira kaja kamene kamayamwa chakudya ku mizu ya chimanga mpaka chimangacho kupinimbira. Dzina lakelo likuonetsa m'mene anthu ankadabwira, pakuti chimanga chimayamba kufota kaudzuko kasanatulukire pamwamba, ndipo zimaoneka ngati munda walodzedwa. Koma alangizi a zaulimi adatiphunzitsa kuti palibe zaufiti pamenepo. Kaufiti ali ndi mbeu zazing'ono ngati fumbi, zimene zitha kugona m'nthaka zaka zoposa 10 osamera ndiponso osaola. Zimadzuka pokhapokha zikamva timadzi totuluka ku mizu ya mbeu zina monga chimanga kapena mapira. Mlimi wakhama atha kuzula kaufiti yense womera, munda n'kuoneka woyera ndithu, koma khasu lake silikhudza mbeu zogona zija. Akangolekerera, munda ufiiranso.

Umu ndi m'menenso kachirombo ka HIV kamachitira. M'magazi mwathu muli maselo otchedwa CD4, amene kuchipatala amaŵatcha asilikali a m'thupi. Kachirombo kakaloŵa m'selo lotere sikangokhala pakhonde ngati mlendo ai. Kamatenga malangizo ake a kapangidwe ka tizirombo tina n'kuŵalumikiza ku malangizo a selo lenilenilo, otchedwa DNA, monga munthu wosokerera tsamba lachilendo pakati pa buku la eni ake. Kuyambira pamenepo selo lija likamagwira ntchito limapanganso tizirombo tatsopano, ndipo timeneti timapita kukagwira maselo ena. Mankhwala a ma ARV amatseka njira imeneyi kuti maselo atsopano asagwidwe. Mwachitsanzo dolutegravir, amene ali m'piritsi limene ambiri akumwa muno m'Malaŵi kuyambira 2019, amaletsa kusokerera kuja. Koma tsamba limene lidasokedwa kale, mankhwala sangalimasule.

Maselo ambiri ogwidwa amafa msanga. Koma pali gulu lina la asilikali limene ntchito yake ndi kukumbukira adani akale. Ndiwo amene amachititsa kuti munthu amene adadwalapo chikuku, kapena adalandira katemera wake, asadwalenso nthendayo. Asilikali ameneŵa amakhala phee kwa zaka zambiri, kudikira mdani wao, ndipo ena mwa iwo amagona ali ndi tsamba la kachirombo m'kati mwao. Popeza selo logona silipanga tizirombo, mankhwala alibe choletsa, ndipo asilikali anzake salizindikira kuti ndi lodwala. Izi ndizo mbeu za kaufiti za m'thupi, ndipo akatswiri amazitcha nkhokwe ya kachirombo.

M'MENE NKHOKWEYI IDADZIŴIKIRA

M'chaka cha 1996, pa msonkhano waukulu wa Edzi ku Vancouver m'dziko la Canada, kudalengezedwa kuti kuphatikiza mankhwala atatu kumatsitsa kachirombo mpaka osaoneka m'magazi. Chimwemwe chidali chachikulu, ndipo akatswiri ena adaŵerengera kuti munthu atamwa mankhwalawo zaka ngati zitatu, kachirombo kakhoza kutheratu. Koma m'chaka cha 1997 magulu atatu a ofufuza ku America, limodzi mwa magulowo lotsogozedwa ndi Robert Siliciano wa pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore, adapeza maselo ogona aja mwa anthu amene ankamwa mankhwala mokhulupirika. Maseloŵa ndi ochepa zedi, pafupifupi limodzi mwa maselo ogona miliyoni imodzi, koma amatha mochedwa kwambiri. M'chaka cha 2003 gulu la Siliciano lidaonetsa kuti pamatenga miyezi 44 kuti nkhokweyo itsike ndi theka, ndipo kuti itheretu ndi mankhwala okha pangafunike zaka zoposa 70.

Pambuyo pake padapezeka zovuta zina zitatu. Choyamba, mbali yaikulu ya nkhokweyi siri m'magazi amene amapimidwa kuchipatala, koma m'matumbo ndi m'malo momwe mumatupa mwanabere, monga m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Chachiŵiri, m'chaka cha 2014 kudadziŵika kuti selo lonyamula tsamba la kachirombo limatha kugaŵikana, n'kubala anzake onyamula tsamba lomwelo, ndipo mankhwala sangaletse zimenezi. Ndiye kuti nkhokwe imadzithiranso yokha. Chachitatu, mwa masamba 10 osokedwa aja, oposa 9 ndi ong'ambika, osatha kupanga kachirombo kamoyo. Kumeneku kumaoneka ngati mwai, koma kwa ofufuza ndi chipsinjo, chifukwa kuŵerenga masamba amoyo pakati pa ong'ambikawo kuli ngati kufuna njere zoŵerengeka m'dengu lodzaza mankhusu.

Nanga munthu akasiya mankhwala chimachitika n'chiyani? Selo limodzi logona likangodzuka pamene m'thupi mulibe mankhwala, moto wayambanso. Mwa anthu ambiri kachirombo kamaonekanso m'magazi pakangotha masabata aŵiri mpaka anai, ngakhale munthuyo atakhala kuti adamwa mankhwala mosadumphitsa kwa zaka 20.

ANTHU OŴERENGEKA AMENE ADACHIRA

Ena mwa inu mudamvapo pa wailesi kuti kuli anthu amene adachiriratu. Zimenezi n'zoona, koma tiyenera kumvetsa m'mene zidachitikira. Woyamba adali Timothy Ray Brown, mzika ya America yokhala ku Berlin m'dziko la Germany. Iye adali ndi HIV, kenaka adadwalanso khansa ya m'magazi. M'chaka cha 2007 dokotala wake, Gero Hütter, adayenera kupha maselo ake a magazi ndi mankhwala aukali n'kumuika maselo a m'mafuta a m'mafupa a munthu wina. Dokotalayo adasankha dala munthu wa chibadwa chosoŵa, amene maselo ake alibe kakhomo kotchedwa CCR5 kamene kachirombo kamaloŵerapo. Chibadwa chotere chimapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 100 a kumpoto kwa Ulaya. Brown adasiya ma ARV ndipo kachirombo sikadabwerenso mpaka adamwalira m'chaka cha 2020, khansa ija itayambiranso. M'chaka cha 2019 kudalengezedwa za munthu wachiŵiri, Adam Castillejo wa ku London, ndipo pambuyo pake za ena oŵerengeka pa zala.

Onseŵa adalandira chithandizo chimenechi chifukwa cha khansa imene ikadaŵapha. Njirayi njoopsa, njodula, ndipo imapha ena mwa oilandira. Palibe dokotala wanzeru amene angaichite pa munthu amene ali bwinobwino ndi piritsi limodzi pa tsiku. Kuli ngati kukumba nthaka yonse ya m'munda n'kuthiramo ina pofuna kuthana ndi kaufiti. Komabe anthu ameneŵa adatsimikizira dziko lonse kuti nkhokwe ikatha, nthenda imathanso, ndipo zimenezi zidapatsa ofufuza mphamvu zatsopano.

ZIMENE ANA AŴIRI ADATIPHUNZITSA

M'chaka cha 2010 ku Mississippi m'dziko la America kudabadwa mwana wamkazi amene adayamba kulandira ma ARV atangotha maola 30 chibadwire. Ali ndi miyezi 18 mankhwalawo adalekeka, koma atapimidwa pambuyo pake kachirombo sikadaoneke. Nyuzipepala za m'maiko ambiri zidalemba kuti mwanayo wachira. Adakhala miyezi 27 osamwa mankhwala, koma m'chaka cha 2014 kachirombo kadabwerera, ndipo adayambanso kumwa. Mbeu zidalipo, zochepa kwambiri kotero kuti zipangizo sizidazione, koma zamoyo.

Mwana wina ndi wa ku South Africa, amene adapezeka ndi kachirombo ali wakhanda m'chaka cha 2007. Adalandira mankhwala kwa masabata 40 pa kafukufuku wina, kenaka madokotala adaŵaimitsa n'kumamuyang'anira. M'chaka cha 2017 kudalengezedwa kuti wakhala zaka zisanu ndi zitatu ndi theka thupi lake likudziletsera lokha kachirombo, ngakhale kuti zizindikiro zake zidalipobe m'maselo ena.

Ana aŵiriŵa akutiphunzitsa kuti munthu akayamba mankhwala msanga, nkhokwe yake imakhala yaing'ono, monga munda umene kaufiti adazulidwa asanagwetse mbeu zambiri. Akutiphunzitsanso kuti nkhokwe yaing'ono ikadali nkhokwe. N'chifukwa chake amai oyembekezera ayenera kupimitsa msanga, ndipo khanda lobadwa kwa mai amene ali ndi kachirombo lisaphonye kupimidwa pa masabata 6. N'chifukwa chakenso mnyamata kapena mtsikana amene akudzikayikira asadikire mpaka adwale. Paja mbeŵa ya manyazi idafera kuuna.

NJIRA ZIMENE ZIKUYESEDWA

Njira yoyamba ndi kudzutsa kachirombo kuti kaphedwe. Alimi amaidziŵa bwino nzeru imeneyi. M'munda wa kaufiti akabzalamo soya, mtedza kapena thonje, mizu ya mbeu zimenezi imadzutsa mbeu za kaufiti, koma zikamera zimasoŵa poyamwa ndipo zimafa. Chomwechonso ofufuza afuna mankhwala odzutsa maselo ogona pamene munthu akumwabe ma ARV, kuti selo lodwala lidziulule, asilikali aliphe, ndipo tizirombo totuluka tisoŵe koloŵa. M'chaka cha 2012 David Margolis ndi anzake a pa yunivesite ya North Carolina adaonetsa kuti mankhwala a khansa otchedwa vorinostat amadzutsadi kachirombo m'thupi mwa munthu. Koma kafukufuku wotchedwa RIVER wa ku Britain, amene adaphatikiza vorinostat ndi katemera mwa amuna 60, adaonetsa m'chaka cha 2018 kuti nkhokwe siidachepe. Kudzutsako kudali kochepa, ndipo kuphako kudali kofooka. Ofufuza sadataye mtima. M'chaka cha 2025 gulu la Sharon Lewin ku Melbourne m'dziko la Australia lidalengeza kuti lapeza njira yoloŵetsera uthenga wodzutsa kachirombo m'maselo ogona, potengera luso la mRNA limene lidagwira ntchito pa katemera wina wa Covid-19. Zimenezi zidachitika pa maselo otengedwa m'magazi a anthu, m'nyumba yofufuzira, osati m'thupi mwa munthu.

Njira yachiŵiri ndi yosiyana ndi yoyambayo: kugonetsa kachirombo kotheratu kuti kasadzadzukenso. Nzeru imeneyi ikulimbikitsidwa ndi anthu ena apadera, osakwana mmodzi pa anthu 100 amene ali ndi HIV, amene matupi ao amadziletsera okha kachirombo popanda mankhwala. M'chaka cha 2020 Xu Yu ndi anzake ku Boston adapeza kuti mwa anthu otereŵa masamba ambiri amoyo a kachirombo ali m'zigawo za DNA zimene selo silitsegula konse, monga mbeu zokwiririka pansi pa thanthwe. Mwa mai mmodzi wa ku California, Loreen Willenberg, adafufuza maselo oposa biliyoni imodzi osapezamo kachirombo kamoyo. Funso la ofufuza n'lakuti, kodi zimene matupi a anthu ameneŵa amachita mwachibadwa zingachitike mwa ena ndi mankhwala?

Njira yachitatu ndi kudula tsamba lachilendo lija m'buku, pogwiritsa ntchito luso lotchedwa CRISPR, limene liri ngati lumo lodulira DNA. Lidayesedwa pa anthu ochepa ku America, ndipo zotsatira zidatuluka m'chaka cha 2024. Silidavulaze aliyense, koma mwa anthu atatu amene adaimitsa ma ARV, onse kachirombo kadabwerera. Vuto ndi kufikitsa lumolo ku selo lirilonse lobisika.

Njira yachinai ndi kulimbitsa chitetezo cha m'thupi ndi zida zotchedwa ma antibody. Anthu ena oŵerengeka amapanga ma antibody amphamvu kwambiri, otha kugwira mitundu yambiri ya HIV, ndipo akatswiri adaphunzira kuŵapanga m'mafakitale. Pa njira imeneyi Africa yaikapo dzanja. Ku Durban m'dziko la South Africa, Thumbi Ndung'u wa bungwe la Africa Health Research Institute adatsogolera kafukufuku mwa akazi 20. Akaziŵa adali m'gulu limene linkapimidwa kaŵiri pa sabata, kotero kuti kachirombo kadapezeka katangoloŵa kumene ndipo adayamba mankhwala mwamsanga. Adapatsidwa ma antibody a mitundu iŵiri pamodzi ndi mankhwala otakasa chitetezo otchedwa vesatolimod, kenaka adaimitsa ma ARV moyang'aniridwa. Zotsatira zidalengezedwa m'mwezi wa March 2025: akazi anai mwa 20 adakhala kupitirira chaka chathunthu osafunika kubwerera ku mankhwala, pamene ena 16 adayambanso kumwa. Anai mwa 20 si chipambano chokwanira, koma ndi poyambira, makamaka popeza kafukufuku wambiri wam'mbuyomu adachitika mwa amuna a ku Ulaya ndi ku America, pamene anthu ambiri amene ali ndi HIV ali kuno ku Africa ndipo ambiri mwa iwo ndi akazi.

KODI IFE ZIKUTIKHUDZA BWANJI?

Pa dziko lonse lapansi anthu oposa mamiliyoni 40 ali ndi HIV, ndipo muno m'Malaŵi alipo pafupifupi miliyoni imodzi. Kuyambira 2004, pamene ma ARV adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, maliro amene adazunza midzi yathu adachepa, ndipo ana ambiri amene akadakhala amasiye akuleredwa ndi makolo ao. Koma mankhwala omwa moyo wonse amafuna ndalama chaka ndi chaka, ndipo zambiri mwa ndalamazo zakhala zikuchokera kunja. M'chaka cha 2025, pamene boma la America lidaimitsa ndi kuchepetsa thandizo lake ku maiko ambiri, tonse tidaona kuopsa kodalira nkhokwe ya mnansi. Ndiye kuti kafukufuku amene tafotokozayu si nkhani ya azungu okha. Ngakhale njira yongothandiza munthu kukhala zaka zingapo osamwa mapiritsi ingapepuze katundu wolemera pa mabanja athu.

Koma lero lino palibe mankhwala ochotsa nkhokweyi amene akugulitsidwa kapena kuperekedwa kwina kulikonse. Wokuuzani kuti ali ndi mtsitsi, ufa kapena madzi a m'botolo ochotsa kachirombo akungofuna ndalama zanu. Pali nkhani inanso imene ife a mu mpingo tisaibise. Alipo abale ndi alongo amene adapemphereredwa, nauzidwa kuti ataye mapiritsi monga chizindikiro cha chikhulupiriro, ndipo pepala lonena kuti kachirombo sikakuoneka lidakwezedwa m'mwamba ngati umboni. Tsopano mwamva chifukwa chake pepalalo silingakhale umboni wa kuchira: likunena za magazi okha, silinena za nkhokwe. Ambiri otere tidaŵaika m'manda. Tiyeni tipempherere odwala athu ndi mtima wonse, ndipo tikatha kupemphera tiŵapatse madzi omwera piritsi. Abusa, akulu a mpingo ndi amai a Chigwirizano akamayendera odwala anene zimenezi momveka.

Wina anganene kuti, "Nanga anthu a m'kafukufuku aja bwanji adasiya mankhwala?" Iwowo adasiya atafotokozeredwa kuopsa kwake, ndipo magazi ao ankapimidwa pafupipafupi kuti kachirombo kakangoonekera ayambenso kumwa nthaŵi yomweyo. Wosiya yekha kunyumba alibe womuyang'anira. Kachirombo kamachuluka iye osadziŵa, asilikali amatha, atha kupatsira mnzake, ndipo kumwa modumphadumpha kumapatsa kachirombo mpata wozoloŵera mankhwala mpaka osamvanso. Kuonjezera apo, nkhokwe imene idakhala ikutsika kwa zaka zambiri itha kudzalanso. Fodya wako ndi amene ali pamphuno; wapachala ngwamphepo.

Makolo, mwana wotopa ndi mapiritsi musamkalipire. Zaka za unyamata n'zovuta, ndipo kumwa mankhwala mobisa ku sukulu yogonera konko kapena pakati pa anzake kumalemetsa mtima. Khalani naye pansi, mumve zakukhosi kwake, ndipo mupite naye kukalankhula ndi a chipatala. Musamnamize kuti mapiritsiwo ndi a nthenda ina, pakuti mwana wosadziŵa chimene akumwera mankhwala ndiye amayamba kuŵataya.

Ndipo inu achinyamata amene mukumwa mankhwalaŵa, pepala lija lonena kuti kachirombo sikakuoneka ndi loyenera kulikondwerera ndithu. Likutanthauza kuti munda wanu ngwoyera ndipo chimanga chikukula. Mutha kuphunzira, kugwira ntchito ndi kukalamba monga wina aliyense. Pa nthaŵi yake mutha kumanga banja, pakuti kafukufuku wamkulu adatsimikiza kuti munthu amene kachirombo kake sikakuoneka, ndipo akupitiriza kumwa mankhwala mokhulupirika, sapatsira mwamuna kapena mkazi wake pokhala malo amodzi.

Tsono amai a mnyamata uja atha kumuyankha kuti, "Mwanangu, kachiromboko kagona, sikadafe, ndipo piritsi ili ndilo likukaletsa kudzaza thupi lako kakadzuka. Kuli anthu ku Durban, ku Melbourne ndi kwina amene akufunafuna njira yokachotsera komwe kagonako. Sitidziŵa tsiku limene adzaipeze, koma ife tifuna tsikulo lidzakupeze uli moyo ndi wamphamvu. Tenga madzi aŵa, umwe."

Mwezi wamaŵa tidzakambirana za m'mene makolo angauzire mwana wao kwa nthaŵi yoyamba kuti ali ndi kachirombo, ndi msinkhu woyenera kutero.